Kakonzedwe ka Kanema Woika pa Cimbale ca DVD Panyumba

Banja likajambula ukwati, mwambo wobvundukula mwala wa pamanda kapena nyimbo za kwaya, kawirikawiri limafuna kuti kanemayo aikidwe pa cimbale ca DVD kuti abale amene sanafike pamwambowo akaonere pa wailesi ya kanema. Ngakhale kuti masiku ano akanema ambiri amatumizidwa pa foni, m'nyumba zambiri ndi m'machalichi makina a DVD akali kusewenza, ndipo kumalo kumene intaneti ndi yodula kapena yobvuta, cimbale cikali ndi nchito yake.

Bvuto lofala ndi lakuti cimbale cimaonetsa bwino pa kompyuta imene cinapangidwira, koma cikafika kumudzi makina amacikana, kapena cithunzi cimanjenjemera, kapena mau amatsalira m'mbuyo. Ambiri amaimba mlandu cimbale kapena makina oonetsera. Nthawi zambiri colakwa cimakhala citacitika kale pa kompyuta, pamene kanemayo anali kusinthidwa. Nkhani ino ifotokoza malamulo amene kanema wa pa DVD ayenera kutsata, manambala ofunika kusankha, ndi cifukwa cake nambala iliyonse ili yofunika.

Ciyambi ca DVD ndi malamulo ake

Makampani akuluakulu a zamagetsi, kuphatikizapo Toshiba, Sony, Philips ndi Matsushita, anagwirizana za mtundu umodzi wa cimbale cimeneci mu 1995. Makina oyamba anagulitsidwa ku Japan mu November 1996, ndipo ku United States mu March 1997. Makampaniwo analemba malamulo ochedwa DVD-Video, amene amanena mtundu wa kanema, kukula kwa cithunzi, mtundu wa mau ndi maina a mafailo oyenera kupezeka pa cimbale.

Kompyuta imatha kutsegula kanema wa mtundu uliwonse malinga ikhale ndi pulogalamu yoyenera. Makina a DVD sali conco. Mkati mwake muli kacipangizo kamene kanapangidwa kuti kaziwerenga zokhazo zimene malamulo a DVD-Video amalola. Makina ena a m'zaka za pambuyo pake amawerenganso mafailo a DivX kapena MP4, koma zimenezi zimasiyana malinga ndi kampani imene inawapanga. Amene afuna kuti cimbale cake cionetse m'nyumba iliyonse ayenera kutsata malamulo a DVD-Video osaphonyako ngakhale limodzi.

Nchito zitatu zosiyana

Kupanga cimbale kuli ndi nchito zitatu zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi kupanikiza kanema, imene pa Cingelezi amati encoding. Apa kanema amasinthidwa kukhala wa mtundu wa MPEG-2 ndi kucepetsedwa kuti akwane pa cimbale. Yaciwiri ndi kulongedza, imene amati authoring. Apa kanema, mau, menyu ndi zigawo zimasonkhanitsidwa m'mafailo amene makina a DVD amawadziwa. Yacitatu ndi kuocha, kutanthauza kulemba mafailowo pa cimbale ceniceni.

Mapulogalamu ena amacita zonse zitatu nthawi imodzi, koma ubwino wa cithunzi umagamulidwa pa nchito yoyamba. Cimene cataika pakupanikiza sicingabwezedwe pakulongedza kapena pakuocha.

Kufunika kwa kupanikiza kumaoneka pa manambala. Kanema wa kukula kwa DVD amene sanapanikizidwe konse angadzaze cimbale conse m'mphindi zosakwana zinai. Kanema wocokera pa tepi ya MiniDV amatenga pafupifupi 13 GB pa ola limodzi, kutanthauza zimbale pafupifupi zitatu. Njira ya MPEG-2, imene inakhazikitsidwa m'zaka za pakati pa ma 1990 ndi gulu la akatswiri lochedwa Moving Picture Experts Group, ndiyo imatheketsa kuti maola awiri akwane pa cimbale cimodzi.

PAL kapena NTSC

Cosankha coyamba ndi ca mtundu wa wailesi ya kanema. DVD ili ndi mitundu iwiri. PAL, imene inapangidwa ndi Walter Bruch wa kampani ya Telefunken ku Germany ndipo inayamba kusewenza mu 1967, imaonetsa zithunzi 25 pa sekondi imodzi. NTSC, ya ku United States, Canada ndi Japan, imaonetsa zithunzi 29.97 pa sekondi. Zambia, Malawi, Zimbabwe, South Africa ndi Britain onse anatenga PAL, conco cimbale copangidwira kuno ciyenera kukhala ca PAL, makamaka ngati kanemayo anajambulidwa ndi kamera ya PAL kapena anacokera pa tepi ya VHS ya kuno.

Lamulo lothandiza ndi lakuti kanema asungidwe pa liwiro limene anajambulidwira. Kusintha zithunzi 25 kukhala 29.97, kapena 29.97 kukhala 25, kumakakamiza pulogalamu kutaya zithunzi zina kapena kubwereza zina, ndipo zotsatira zake ndi kanema wodumphadumpha kamera ikamayenda. Makina ambiri ogulitsidwa m'maiko a PAL amaonetsanso zimbale za NTSC, koma makina ambiri a ku United States saonetsa zimbale za PAL. Wotumiza cimbale kwa mbale wa kumeneko ayenera kukumbukira zimenezi.

Nkhaniyi isasokonezedwe ndi ya zigawo za dziko zimene makampani a mafilimu amaika pa zimbale zao. Pa dongosolo limenelo Zambia ili m'cigawo 5, South Africa ndi Britain zili m'cigawo 2, ndipo United States ili m'cigawo 1. Cimbale copangidwa panyumba sicikhala ndi loko wotero. Cikakanidwa kunja, coyambitsa cimakhala PAL ndi NTSC.

Kukula ndi maonekedwe a cithunzi

Cithunzi ca DVD ya PAL cili ndi timadontho 720 kucokera kumanzere kupita kumanja, ndi mizere 576 kucokera pamwamba kufika pansi. Ca NTSC cili ndi 720 ndi 480. Malamulo amalolanso 704 ndi 576, 352 ndi 576, komanso 352 ndi 288. Pa PAL, kukula kwina kulikonse, monga 640 ndi 480 kapena 1280 ndi 720, sikuloledwa.

Maonekedwe ololedwa ndi awiri: 4:3, a mawailesi a kanema akale okhala ngati bokosi, ndi 16:9, a mawailesi otambalala. Onse awiri amasungidwa m'timadontho tomweto 720 ndi 576. Cimene cimasiyanitsa ndi cizindikiro cimene cimalembedwa mkati mwa failo, couza makina kuti atambasule cithunzi motani. Cizindikiroci cikalakwika, anthu amaoneka atali ndi oonda kapena afupi ndi onenepa. Kanema wa pa tepi ya VHS ndi wa 4:3. Wa makamera atsopano ndi mafoni ogwiridwa copingasa ndi wa 16:9. Maonekedwe a 16:9 amaloledwa pa 720 kapena 704 pokha, osati pa 352.

Ena amaika mizere yakuda pamwamba ndi pansi pa kanema wa 16:9 kenako namusunga monga 4:3. Kutero kumataya gawo limodzi mwa magawo anai a mizere ya cithunzi pa cinthu cakuda copanda nchito. Njira yabwino ndiyo kusankha 16:9 ndi kusiya makina oonetsera aike okha mizere yakudayo ngati wailesi ya kanema ili ya 4:3.

Mizere yolukana

Mawailesi a kanema akale sanali kuonetsa cithunzi conse nthawi imodzi. Anali kucigawa pawiri: coyamba mizere ya 1, 3, 5 mpaka pansi, kenako mizere ya 2, 4, 6. Pa PAL magawo otere amakhala 50 pa sekondi. Njirayi imachedwa interlaced, ndipo kanema wa pa VHS, wa MiniDV ndi wa makamera ambiri akale ndi wotero. Kanema wa pa foni ndi wa mtundu wina wochedwa progressive, pamene cithunzi ciliconse cimakhala camphumphu.

Pa kanema wa mizere yolukana, pulogalamu iyenera kuuzidwa gawo limene limayamba. Kanema wa DV amayamba ndi gawo la pansi, limene mapulogalamu amalemba kuti bottom field first kapena lower field first. Makamera a HDV ndi AVCHD ojambula pa 1080i amayamba ndi gawo la pamwamba. Dongosololi likatembenuzidwa, zinthu zoima zimaoneka bwino, koma munthu akayenda cithunzi cimanjenjemera mobvutitsa maso. Coipa n'cakuti colakwaci nthawi zambiri sicioneka pa kompyuta. Cimaonekera pa wailesi ya kanema, cimbale citaperekedwa kale.

Kanema wa mizere yolukana ndi bwino kumusiya conco pomuika pa DVD, popeza makina a DVD anapangidwira zimenezo. Wa progressive nayenso asiyidwe mmene alili.

Bitrate ndi kawerengedwe kake

Bitrate ndi kuculuka kwa malo amene sekondi imodzi ya kanema imapatsidwa pa cimbale. Imawerengedwa m'mamiliyoni a mabiti pa sekondi, ndipo imalembedwa mwacidule kuti Mbps. Mapulogalamu ena amalemba kbps, ndipo 1,000 kbps ndi cimodzimodzi 1 Mbps. Nambalayi ikakwera, cithunzi cimayera koma mphindi zokwana pa cimbale zimacepa. Ikatsika, mphindi zimaculuka koma cithunzi cimayamba kuoneka timabokosi.

Malamulo a DVD-Video salola kanema kupitirira 9.8 Mbps, ndipo kanema, mau ndi malemba zonse pamodzi siziyenera kupitirira 10.08 Mbps. Zimbale zoochedwa panyumba siziwerengeka mosabvuta ngati za kufakitale, conco ndi canzeru kusafika pamalire amenewa. Kulekezera pa 8 Mbps kumathandiza kuti makina okalamba asamaime pakati.

Cimbale wamba cimalembedwa kuti 4.7 GB, kutanthauza mabaiti 4,700,000,000. Kompyuta ya Windows imaonetsa 4.38 GB cifukwa imawerenga ndi 1,024 m'malo mwa 1,000. Palibe malo amene asowa, kwasiyana kawerengedwe cabe. Baiti imodzi ili ndi mabiti 8, conco cimbale cili ndi mabiti mamiliyoni 37,600. Tikapatula pafupifupi 1,600 a menyu ndi zolongedzera, patsala 36,000. Tikagawa nambalayi ndi masekondi 60 a m'mphindi imodzi, tipeza 600.

Apa ndipo pacokera njira yapafupi: gawani 600 ndi mphindi za kanema wanu, kenako cotsani gawo la mau, limene nthawi zambiri limakhala 0.2 Mbps. Cotsalaco ndiyo bitrate ya cithunzi.

Mphindi 60: kugawa kupereka 10, koma lekezani pa 8 Mbps.
Mphindi 90: pafupifupi 6.4 Mbps.
Mphindi 120: pafupifupi 4.8 Mbps.
Mphindi 150: pafupifupi 3.8 Mbps.
Mphindi 180: pafupifupi 3.1 Mbps.

Pa cimbale ca magawo awiri ca 8.5 GB, sewenzetsani 1,080 m'malo mwa 600.

Sikuti kanema aliyense amafuna malo ofanana. Mlaliki woima pa guwa kamera ili pa miyendo yake safuna bitrate yaikulu, cifukwa cithunzi cimasintha pang'ono. Kanema wa magule a pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kapena wa Kulamba ku Mkaika ndi wosiyana: muli fumbi, khamu la anthu, nsalu za maluwa ang'onoang'ono, ndipo wojambula amayenda ndi kamera m'manja. Zonsezi zimadya malo ambiri. Kanema wojambulidwa usiku mu holo yopanda magetsi okwanira nayenso amabvuta, popeza timadontho toyendayenda ta mumdima pulogalamu imatiwerenga monga mbali ya cithunzi.

Nambala ikatsika pansi pa 4 Mbps pa kanema woyendayenda, pali njira zitatu. Mungadule mbali zosafunika, mungagawe kanemayo pa zimbale ziwiri, kapena, ngati anacokera pa VHS, mungasankhe 352 ndi 576. Tepi ya VHS ilibe cithunzi cakuthwa cofika pa timadontho 720, conco cotaika n'cocepa, ndipo maola atatu amaoneka bwino kuposa mmene akanaonekera pa 720.

CBR, VBR ndi magulu a zithunzi

Pulogalamu imafunsanso ngati bitrate ikhale yosasintha, CBR, kapena yosinthasintha, VBR. Pa CBR sekondi iliyonse imapatsidwa malo ofanana, kaya ndi gule kaya ndi khoma loyera. Pa VBR malo amacotsedwa pa mbali zosabvuta ndi kuperekedwa ku mbali zobvuta. Kanema wosapitirira ola limodzi angaikidwe pa CBR ya 8 Mbps popanda bvuto, popeza malo alipo okwanira. Wopitirira ola limodzi amapindula ndi VBR yodutsa kawiri, yochedwa two-pass. Ulendo woyamba pulogalamu imangoona kumene kuli kobvuta, ulendo waciwiri ndipo imagawa malo. Nchitoyi imatenga nthawi yowirikiza, koma failo imatuluka ya kukula kumene munawerengera. Pa VBR nambala yapakati ikhale imene munapeza pogawa 600, ndipo yapamwamba ikhale 8 kapena 8.5 Mbps.

MPEG-2 imasunga malo posalemba cithunzi ciliconse camphumphu. Imalemba cithunzi cimodzi conse, cochedwa I, kenako pa zotsatira, zochedwa P ndi B, imalemba cabe zimene zasintha. Gulu la zithunzi zotere limachedwa GOP. Pa PAL gulu siliyenera kupitirira zithunzi 15, pa NTSC 18. Likapitirira, mapulogalamu ena olongedzera amakana failoyo, ndipo ena amaipanikizanso mwakacetecete, zimene zimaononga cithunzi kaciwiri.

Mapulogalamu ambiri ali ndi cosankha cokonzedwa kale colembedwa PAL DVD, cimene cimaika bwino kukula kwa cithunzi, liwiro ndi GOP. M'zaka za ma 2000 ambiri anali kusewenzetsa TMPGEnc, Nero ndi Cinema Craft Encoder. Windows DVD Maker inalipo pa Windows Vista ndi Windows 7, koma inacotsedwa pa Windows 8. Pulogalamu yaulere ya FFmpeg, imene inayambitsidwa ndi Fabrice Bellard mu 2000, ili ndi lamulo lakuti -target pal-dvd limene limacita nchito yomweyi, ndipo DVDStyler ndi pulogalamu yaulere yolongedzera. Ngakhale musankhe cokonzedwa kale, zinthu zitatu muyenera kuziona nokha: bitrate, maonekedwe a 4:3 kapena 16:9, ndi gawo loyamba la mizere.

Mau

Mau a pa DVD ayenera kukhala a 48 kHz. Nyimbo za pa CD ndi mafailo ambiri a MP3 ndi a 44.1 kHz, conco ziyenera kusinthidwa zisanalowe pa cimbale. MP3 ndi AAC siziloledwa pa DVD-Video.

Mitundu itatu ndiyo yofala. Dolby Digital, imene imachedwanso AC-3, imawerengedwa ndi makina onse, ndipo 192 kapena 224 kbps ndi yokwanira pa mau a mbali ziwiri. Malire ake pa DVD ndi 448 kbps. MP2 imaloledwa pa zimbale za PAL, koma makina ena a NTSC saitulutsa. LPCM ndi mau osapanikizidwa, ndipo imatenga 1,536 kbps. Pa kanema wa maola awiri, LPCM yokha imadya pafupifupi 1.4 GB, malo amene akanathandiza cithunzi. Ndi yoyenera pa cimbale cacifupi ca nyimbo za kwaya, pamene mau ndiwo cinthu cacikulu. Mukaisankha, cotsani 1.5 m'malo mwa 0.2 pa kawerengedwe kaja, ndipo cithunzi cisapitirire 8 Mbps kuti zonse pamodzi zisadutse 10.08.

Cimbale cimodzi cingakhale ndi njira za mau zofika 8 ndi njira za malemba zofika 32. Motero mwambo umodzi ungakhale ndi kufotokoza kwa m'Cinyanja ndi kwa m'Cingelezi, woonera nasankha yekha.

Kanema wocokera pa foni

Akanema ambiri a masiku ano amajambulidwa ndi foni, pa 1920 ndi 1080 kapena kuposerapo, m'mitundu ya H.264 kapena HEVC. Cithunzi ca 1920 ndi 1080 cili ndi timadontho toculuka kasanu kuposa ta DVD ya PAL. Palibe nambala imene ingapangitse DVD kuoneka ngati foni, ndipo mwini kanema ayenera kuuzidwa zimenezi nchito isanayambe.

Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi. Ngati mukudziwa kuti kanemayo adzapita pa DVD, sankhani 25 kapena 50 pa foni imene imalola zimenezo. Kuteroko kumacepetsanso kuthwanima kwa magetsi, popeza magetsi a kuno ndi a 50 Hz. Ngati anajambulidwa kale pa 30, mungapange cimbale ca NTSC kuti kuyenda kukhale kosalala, koma yambani mwayesa pa makina amene adzasewenzetsedwa.

Mafoni amasinthanso liwiro la zithunzi mkati mwa kujambula, makamaka mumdima. DVD imafuna liwiro losasintha. Pulogalamu ikalephera kuwongola zimenezi, mau amayamba bwino koma pakapita mphindi makumi angapo amakhala atasiyana ndi milomo. Cithandizo cake ndico kuuza pulogalamu kuti itulutse liwiro lokhazikika. Kanema wojambulidwa foni ili coimirira aikidwe pakati pa cithunzi ca 16:9, m'mbali mukhale mwakuda. Asatambasulidwe kuti adzaze.

Pomaliza, pemphani failo yoyamba kucokera mu foni yeniyeniyo. Kanema amene wadutsa pa WhatsApp kapena Facebook nthawi zambiri amakhala atapanikizidwa kale, ndipo kumupanikizanso kumaonjezera timabokosi.

Kulongedza

Kukopera failo ya MPEG-2 pa cimbale sikupanga DVD-Video. Pulogalamu yolongedzera imapanga foda yochedwa VIDEO_TS, yolembedwa m'zilembo zazikulu. M'menemo mumakhala mafailo a VOB, amene amasunga cithunzi ndi mau ndipo iliyonse siipitirira 1 GB. Mafailo a IFO, amene amauza makina kumene zigawo ziyambira. Ndi mafailo a BUP, amene ndi makope a IFO osungidwa kuti athandize cimbale cikakalika. Foda ina yochedwa AUDIO_TS imakhala yopanda kanthu. Maina amenewa sayenera kusinthidwa.

Ngati kanema munamupanikiza kale moyenera, onetsetsani kuti pulogalamu yolongedzera yauzidwa kusamupanikizanso. Cizindikiro cake ndi nthawi: kulongedza kokha kumatha m'mphindi zocepa, ndipo nchito ikatenga nthawi yaitali ndiye kuti kanemayo akusinthidwanso.

Ikani zigawo pamalo ofunika, monga kulowa kwa akwati, malumbiro ndi zolankhula za makolo, kuti woonera asabvutike kufunafuna. Malemba a pa menyu akhale aakulu ndipo asafike m'mphepete, cifukwa mawailesi a kanema akale amadula m'mbali mwa cithunzi. Kusiya gawo limodzi mwa magawo khumi mbali iliyonse n'kokwanira.

Kuocha ndi kuyesa

Zimbale zolembeka zili m'mabanja awiri. DVD-R inayambitsidwa ndi Pioneer mu 1997, ndipo DVD+R inabwera mu 2002. Makina ambiri amawerenga zonse ziwiri, koma akale kwambiri amagwirizana bwino ndi DVD-R. Zimbale za RW zimafufutika, conco ndi zabwino poyesera. Zimbale za magawo awiri zimabvuta pa makina ena, makamaka pamalo pamene gawo loyamba lithera, ndipo kawirikawiri zimbale ziwiri za 4.7 GB ndi zodalirika kuposa cimodzi ca 8.5 GB.

Pa pulogalamu yoochera sankhani DVD-Video, kuti mafailo aikidwe m'dongosolo limene makina amafuna. Pa liwiro la 4x cimbale codzaza cimatha pafupifupi m'mphindi 15. Liwiro lapakati monga 4x kapena 8x limacepetsa zolakwa poyerekeza ndi liwiro lapamwamba kwambiri. Lolani pulogalamu iwerengenso cimbale ikamaliza, ndipo pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi sewenzetsani laputopu yokhala ndi batire yodzaza, cifukwa DVD-R yodukizidwa pakati imakhala yaonongeka. Amene amajambulira pa makina a DVD recorder asaiwale kutseka cimbale ndi lamulo la finalize, apo ai sicidzaonetsa pa makina ena.

Kuyesa kwenikweni kucitikire pa makina a DVD olumikizidwa ku wailesi ya kanema. Onani ciyambi, pakati ndi mapeto. Kumapeto n'kofunika kwambiri, popeza kanema wa kumeneko amalembedwa m'mphepete mwa cimbale, mmene zimbale zotsika mtengo zimalephera kawirikawiri, ndiponso ndi kumene kusiyana kwa mau ndi milomo kumaonekera.

Zizindikiro ndi zoyambitsa zake

Makina akakana cimbale conse, onani ngati muli foda ya VIDEO_TS ndiponso ngati cimbale cinatsekedwa.
Cithunzi cikakhala copanda mitundu kapena coyenda cokwera, PAL ndi NTSC zasemphana.
Anthu akaoneka oonda kapena onenepa, cizindikiro ca 4:3 ndi 16:9 calakwika.
Cithunzi cikanjenjemera pa kuyenda pokha, gawo loyamba la mizere latembenuzidwa.
Timabokosi tikaoneka pa magule, bitrate yacepa.
Kanema akaima pamalo obvuta, bitrate yakwera mopitirira kapena cimbale sicinaochedwe bwino.
Cithunzi cikakhalapo popanda mau, onani mtundu wa mau ndi nambala ya 48 kHz.

Za VCD ndi za lamulo

DVD isanafale, ambiri anali kusewenzetsa VCD, imene inakhazikitsidwa mu 1993. Imasunga kanema wa MPEG-1 wa timadontho 352 ndi 288 pa 1,150 kbps, mau ake ndi a 44.1 kHz, ndipo CD imodzi imatenga mphindi 74 mpaka 80. Kanema wa pa VCD yakale angasamutsidwire pa DVD popanda kupanikizanso cithunzi, popeza kukula kumeneko n'kololedwa. Mau okha ndiwo ayenera kusinthidwa kukhala a 48 kHz. Cithunzi sicidzayera kuposa mmene cinalili.

Zonse zafotokozedwazi zikukhudza kanema amene munajambula nokha kapena amene mwini wake wakulolani. Kukopera nyimbo ndi mafilimu a ena n'colinga cogulitsa popanda cilolezo n'kuphwanya lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994.

Kusunga kanema woyamba

Cimbale coochedwa panyumba cimasunga kanema m'utoto wopyapyala umene uli pakati pa mapulasitiki awiri, ndipo utotowo umaonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi cinyezi. Cisungidwe m'cikwama cake, coimirira, pamalo a mthunzi. Cigwiridwe m'mphepete, cilembedwe ndi colembera cofewa copangidwira zimbale, ndipo cisamatidwe mapepala, cifukwa amacipendeketsa pozungulira.

Ngakhale cisamalidwe motero, cimbale ca DVD ndi kope yocepetsedwa ya kanema weniweni. Ojambula ena amafufuta failo yoyamba akangopereka cimbale, ndipo ena amajambulanso pa tepi yomweyo. Cimbale cikadzakalika patapita zaka, banja limapeza kuti mau a agogo amene anamwalira analibe posungidwa pena. Conco polandira cimbale, pemphaninso failo yoyamba pa fulashi kapena pa hard disk, ndi foda ya VIDEO_TS imene mungaochere zimbale zina popanda kupanikizanso. Makope akhale awiri, m'nyumba ziwiri zosiyana, ndipo kamodzi pa caka atsegulidwe kuti muone ngati akali kuwerengeka.